Kwa iwe mwana wanga, poti wayamba kulemba za ndale

Mwana wanga,

Amayi ako andiuza kuti tsopano akutuma uzikalemba nkhani za ku Nyumba ya Malamulo, ndasangalala kwambiri koma nkhawanso ndili nayo. Ndikufuna umudziwe Gwen Ifill, mtolankhani wa ku America, wakuda ngati ife tomwe, mwana wa abusa, anamwalira ndi khansa mu 2016 ali ndi zaka 61.

Iyeyu sanangodzukira kulemba nkhani za ku White House, nyumba ya pulezidenti wa America, ayi. Anayambira pa nyuzipepala ina ku Boston komwe wina anamusiyira kakalata kotukwana khungu lake, koma ntchito sanaisiye. Anapita ku Baltimore Evening Sun kukalemba ndale za mumzinda, kenako Washington Post, New York Times, wayilesi ya kanema ya NBC, mpaka mu 1999 atamupatsa pulogalamu ya zandale ya Washington Week pa wayilesi ya kanema ya PBS. Zaka zoposa 20 zimenezo, ndiye iwe usamathamangire kutchuka.

Koma chimene ndimamukondera ine ndi cha mu 2004, pomwe ankayendetsa mtsutso wa Dick Cheney ndi John Edwards olimbirana mpando wa wachiwiri kwa pulezidenti. Anawafunsa za Edzi, nkuwauziratu kuti asamuuze za ku Africa kapena China, amuuze za azimayi akuda a mu America momwemo azaka 25 mpaka 44 omwe amamwalira ndi matendawa kuwirikiza ka 13 kuposa anzawo. Cheney anavomera kuti ziwerengerozo samazidziwa, Edwards naye anangozungulira mpaka kukafika ku Africa komwe anamuletsa kuja. Funso limene lija silinali la Ifill, linali la azimayi omwe analibe mwayi wodzifunsira okha pa mtsutsowo, ndipo analifunsa atawerenga kaye, nambala zili m'manja.

Nawenso nduna ikaitanitsa atolankhani, kumbukira mayi amene wabwezedwa kuchipatala kuti mankhwala atha, werenga bajeti ya zaumoyo usiku wake ngakhale ndi yotopetsa, ukafunse za iyeyo. Akuyang'ana ndi diso lofiira, mwina ulendo wina sakulozanso, zisakuwopse.

Za chipondamthengo chija amagawa msonkhano ukatha, chonde usalandire, ukadya cha munthu pakamwa pamalemera. Ya thiransipoti ikavuta ndiimbire, ine ndi amayi ako tikutumizira pa foni. Nkhani yako yoyamba ikatuluka unditumizire pa WhatsApp.

Ndine bambo ako.