Chilengezo: Kabuku ka Mbiri ya Anzathu Opuma Pantchito

Amayi ndi abambo a m'gulu lathu kuno ku Mzuzu,

Komiti yayamba kusonkhanitsa mbiri ya membala aliyense amene adapuma pantchito, kuyambira pomwe adamaliza Folomu 4 kufika lero, kuti tisindikize kabuku.

Masamba awiri akwana. Yambani ndi chaka chomwe mudalemba MSCE, kenako maphunziro ndi ntchito zomwe mudagwira, malo ake ndi zaka zake m'manambala. Kungoti "ndidakhalitsa ku Karonga" sikutithandiza. Tchulani chaka chofika ndi chochoka. Za banja mwachidule, koma ana ndi zidzukulu muwafunse kaye musanalembe maina awo. Nambala za penshoni ndi za chiphaso cha unzika zisaonekemo.

Gawo la zomwe mukuchita panopa ndilo ambiri amalidumpha, chonsecho ndilo lokoma. Ngati ndi njuchi, ming'oma ingati? Ngati ndi khofi, mitengo ingati? Kwaya ndi bawo nazonso zilembedwe.

Zithunzi zikhale ziwiri, chakale ndi chatsopano. Chinyezi cha kunochi chimamatiza zithunzi ku pulasitiki ya alubamu, ndiye musakanganule, zimasupuka nkhope. Jambulani ndi foni masana pafupi ndi zenera, flash itazimitsidwa chifukwa imanyezimira papulasitikipo. Pa WhatsApp tumizani ngati document. Mukatumiza wamba chithunzi chimachepa mphamvu, posindikiza n'kutuluka mbuu.

Amene maso akuvuta, jambulani mawu, alembi athu alemba. Zonse zifike pamsonkhano wa Loweruka lomaliza la mwezi uno ku Katoto.

Zikomo,
Komiti