Kalata ya Abusa: Za Mapemphero Okumbukira Anzathu Amene Ankathandiza Mpikisano wa Gofu

Okondedwa akulu a mpingo, atumiki, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi Akhristu nonse,

Landirani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ndalemba kalatayi nditakambirana ndi akulu a mpingo, pofuna kukudziwitsani kuti Lamulungu loyandikana ndi tsiku la 1 Disembala, pamene dziko lonse limakumbukira za mliri wa Edzi, tidzakhala ndi mapemphero okumbukira abale ndi alongo amene anatsogola, omwe kwa zaka zambiri ankathandiza mpikisano wa gofu wosonkhetsa ndalama zosamalira odwala m'midzi yathu.

Ambiri mwa inu simunapondepo pabwalo la gofu, ndipo inenso ndinali chimodzimodzi pamene ana a kuno ku Kasungu ogwira ntchito ku Lilongwe anabwera ndi maganizo amenewa. Ndivomereze kuti sindinawalandire ndi manja awiri. Kwa ine gofu anali masewera a anthu okhuta, othamangitsa kampira koyera kochepa ngati dzira la nkhanga, ndipo ndinkaopa kuti dzina la mpingo litchulidwa pamalo pamene pali mowa. Mkulu wina wa mpingo, amene ali m'gulu la omwe tidzawakumbukire, ndiye anandibweza pondifunsa ngati wodwala wogona pamphasa amafunsa kumene kwachokera ndalama yogulira phala lake. Ndinasowa choyankha, ndipo chaka chotsatira ndinapita ndekha kukatsegula masewerawo ndi pemphero. Kumeneko ndinaona mmene ndalama zimabwerera: osewera amalipira kuti alowe mumpikisano, makampani amalipira kuti chikwangwani chawo chiime pa limodzi mwa maenje 18 olowetsamo kampirako, ndipo madzulo katundu amene anthu apereka mwaulere amagulitsidwa kwa amene watchula mtengo wokwera.

Achinyamata obadwa mankhwala atafika kale ayenera kuuzidwa mmene zinthu zinalili. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anadziwika mu 1985, ndipo kwa zaka zambiri matendawa tinkangowatchula monong'ona kuti kaliwondewonde. Kuno kwathu chisoni chinkakula m'maesiteti a fodya, kumene matenanti ochokera kutali monga ku Mulanje ndi ku Thyolo ankadwala popanda wachibale wowatembenuza pamphasa, ndipo maliro awo ankatha ndi anthu owerengeka. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004 tinapuma, koma posakhalitsa tinaona kuti mankhwala aulere sadzifikitsa okha kumudzi. Munthu wofooka sakanatha kuyenda wapansi kukafika ku chipatala cha boma cha Kasungu kapena ku Mtunthama, ndipo amene anali ndi mankhwalawo m'manja ankavutika kuwamwa m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zili mbee. Apa m'pamene ndalama za gofu zinagwira ntchito: zinagula njinga zonyamulira odwala, likuni phala, sopo ndi magolovesi a amayi oyendera odwala, komanso zinalipirira ana amasiye ku sekondale. Mu 2011, dziko lathu litayamba kupereka mankhwala a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo, njinga zomwezo zinkatenga amayi kupita nawo kusikelo, ndipo ena mwa ana amene anabadwa opanda kachilombo nthawi imeneyo lero akuimba m'kwaya yathu.

Si onse amene tidzawakumbukire amene anagwirapo ndodo ya gofu. Panali mlimi wina amene chaka chilichonse ankapatula belo limodzi la fodya, ndipo akagulitsa ku Chinkhoma ankabwera ndi pepala la malonda lomwe kuti msungichuma aone kuti sanachotsepo kanthu. Panali mayi wina wa Chigwirizano amene ankaluka mikeka ndi kutumiza mtedza wokazinga kuti zikagulitsidwe madzulo a mpikisano. Koma amene sachoka m'maganizo mwanga ndi bambo wina wa kuno kwathu amene ankagwira ganyu yonyamulira osewera zikwama za ndodo. Masewera atatha, iye ananditsatira kumene tinaimika galimoto, malaya ake atanyowa ndi thukuta, natulutsa kapepala ka shuga momwe anakulungamo ndalama zamakwinya zimene analandira tsiku limenelo. Ndinayesa kumubwezera theka poganizira ana ake, koma anakana, n'kunena kuti mlongo wake anamwalira mankhwala asanafike ndipo sankafuna kuti wina aone zimene iye anaona. Dzina lake silinalembedwe pachikwangwani chilichonse, koma lidzawerengedwa pamodzi ndi maina a eni makampani, motsatira zilembo osati kukula kwa chopereka.

Pa Machitidwe 9 timawerenga kuti Dorika atamwalira ku Yopa, amayi amasiye sanachulutse mawu, koma anamuonetsa Petro malaya ndi zovala zimene iye anasoka ali moyo. Ifenso tidzatero. Ndapempha achinyamata kuti adzalowetse m'tchalitchi njinga yathu yakale yonyamulira odwala, yomwe matayala ake aphathikidwa kambirimbiri, kuti idzaime kutsogolo kwa gome nthawi yonse ya mapemphero. Amene anaphunzira ndi thandizo limeneli ndipo akufuna kunenapo mawu aonane ndi mlembi wa mpingo, koma palibe amene adzakakamizidwe kuimirira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha mwamphamvu. Maina akamawerengedwa, pasapezeke wotsina mnzake kapena wofunsa kuti uje anamwalira ndi chiyani. Ena mwa abalewa anali ndi kachilombo ndipo ananena okha poyera pofuna kulimbitsa anzawo, ena anapita ndi matenda ena, ngozi kapena ukalamba, ndipo kuthandiza ntchito ya Edzi si umboni wa zimene zili m'magazi a munthu. Lamulo la dziko lino la 2018 lokhudza HIV ndi Edzi limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachilomboka, ndipo zingakhale zamanyazi kuti mpingo uchite kukumbutsidwa ndi lamulo. N'chifukwa chake sindinalembe maina m'kalata ino, ndipo tidzatchula okhawo amene mabanja awo avomereza. Akulu a m'milaga ayendere anamfedwa sabata ziwiri zikubwerazi kuti akamve maganizo awo.

Ntchito imene anatisiyira sinathe. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi m'Malawi muno ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo kuchokera mu Januwale 2025, pamene boma la America linaimitsa ndi kuchepetsa thandizo lake la kunja, mabungwe ambiri amene ankayendera odwala m'midzi anachepetsa ntchito zawo. Komiti yathu yataya anthu amene ankadziwa khomo loti agogode ku Lilongwe, choncho amene muli ndi ana kapena abale m'tauni muwauze kuti tikufuna manja atsopano okonza mpikisano wa chaka chamawa. Amene muli pamankhwala pitirizani kumwa mokhulupirika, ndipo wina asakunamizeni kuti kupemphereredwa kumalowa m'malo mwa ma ARV, chifukwa ine mbusa wanu sindinaphunzitsepo zimenezo.

Chopereka cha tsikulo chidzapita ku thumba la odwala, ndipo amene alibe ndalama abweretse chimanga, soya kapena mtedza zoti amayi akapangire phala. Mabanja a omwalirawo adzakhale m'mipando yakutsogolo, ndipo banja lililonse lidzayatsa kandulo imodzi dzina la m'bale wawo likatchulidwa.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse.

Ine wanu mu utumiki,
Mbusa wa mpingo,
Kasungu