Lipoti la msonkhano wa ojambula ndi alakatuli: za mwezi wa Febuluwale

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Zikomo pondituma kukakuyimirani. Msonkhanowo unali wokambirana mmene mwezi wa Febuluwale wakhala ukutakasira ojambula ndi alakatuli a kumayiko a kumpoto, kumene mweziwu umagwa chakumapeto kwa nyengo yozizira. Zokamba zinachuluka, zina zongotha nthawi, choncho ndikupatsirani zokhazo zimene ndaona kuti zingatithandize.

Mayi wina wophunzitsa mbiri ya zojambula ndi amene anatsegula, ndipo anayambira pa dzuwa. Ku London, Febuluwale akamayamba usana umakhala wa maola 9 ndi mphindi zochepa, koma akamatha umakhala utayandikira maola 11. Kuwala kwabwerera, koma nthaka idakali gwa ndi chisanu, ndipo kalelo chakudya chosunga chinkakhala chili pafupi kutha. Maso akuti zinthu zasintha, thupi likukana. Ngakhale miyambo yawo imakokera uku ndi uku. Aroma akale ankakumbukira makolo awo akufa kuyambira pa 13 mpaka pa 21 Febuluwale, pamene matchalitchi amadalitsa makandulo pa 2, ndipo ku Ireland tsiku la Brigid Woyera, pa 1, amaliwerenga ngati chiyambi cha nyengo yophukira zomera.

Kenaka anatiwonetsa tsamba la Febuluwale la m'buku la mapemphero la Jean, mfumu ya ku Berry, limene abale atatu a Limbourg ankakongoletsa mpaka imfa itawatenga onse mu 1416. Bukuli likusungidwa ku Chantilly, ku France. Tinakhalitsa pa tsamba limeneli, ndipo mpake. Chipale chofewa chakuta munda wonse mbee. Ming'oma inayi ya njuchi yavala chipale pamwamba, nkhosa zapanikizana m'khola, mbalame zikutolatola pansi. Munthu wina akudula mtengo, wina akukusa bulu wosenza nkhuni kupita kumudzi, winanso wadzifunditsa nsalu kumutu akuthamangira kunyumba. Khoma la nyumbayo wojambula analichotsa dala kuti tisuzumire mkati, mmene anthu atatu akuwotha moto atakwinya zovala, awiri a iwo mpaka zonse poyera. Holo yonse inafa ndi chikhakhali. Kuseka kutatha, bambo wina anafunsa kuti kodi mwini buku, amene chisanu sichinkamufika, ankawaona anthuwo ndi chifundo kapena ankangosekerapo ngati mmene tasekera ife. Palibe anamuyankha zogwira mtima.

Za wojambula Pieter Bruegel mayi wophunzitsa uja anangodutsapo, ngakhale ine ndikanakonda atafatsa nazo. Chithunzi chake cha mu 1565 cha tsiku la mdima, chimene chili ku Vienna, chikuonetsa anthu akusadza mitengo, zombo zikusweka ndi namondwe chapatali, ndi kamwana kovala chisoti chapepala cha chikondwerero cha Lenti isanayambe.

Mkangano weniweni unabuka masana. Mlakatuli wina wachinyamata anaumirira kuti tanthauzo la Febuluwale ndi chiyembekezo basi, ndipo umboni wake unali maluwa a mtengo wa amondi amene Vincent van Gogh anajambula mu Febuluwale 1890, ngati mphatso ya mwana wa mng'ono wake Theo, wobadwa pa 31 Januwale. Mtengowo umachita maluwa masamba asanatuluke, kuzizira kusanathe. Mayi wina wachikulire sanatsutse za maluwawo, koma anakumbutsa anthu kuti van Gogh ankajambula ali m'chipatala cha odwala maganizo ku Saint-Rémy, ku France, kuti atangomaliza matenda anamugwetsanso kwa miyezi pafupifupi iwiri, ndipo mu Julaye chaka chomwecho anamwalira. Mfundo yawo inali yoti amene akuona chiyembekezo chokhachokha pamenepo waona theka la chithunzi. Anthu anagawikana, ndipo wotsogolera zokambirana anachita kuimitsa chifukwa cha nthawi.

Ine sindinapite mbali iliyonse, chifukwa onse awiri anayambira pa tanthauzo n'kumasaka chithunzi choti chiwavomereze. Nkhani imene inandikhutiritsa ndi ya Igor Grabar, wojambula wa ku Russia. Mu Febuluwale 1904 anaona nthambi za birch, mtengo wa makungwa oyera, chogadamira, kumwamba kuli buluu wosaneneka, ndipo anazindikira kuti ataimirira sizingaoneke choncho. Anakumba ngalande m'chipale, nalowamo ndi chinsalu chake chojambulapo, n'kumapenta ali mmenemo. Chithunzicho chili kunyumba yosungira zojambula ya Tretyakov, ku Moscow. Mulibe munthu, mulibe duwa, koma ukachiyang'ana umadziwa kuti kuzizira kwatsala pang'ono kugonja, chifukwa makungwa oyerawo alandira kuwala kwa mtundu wina, ndipo mithunzi ya pa chipale si yakuda ayi, ndi yabuluu. Zimenezi munthu sangazipeke ali m'nyumba. Ambiri a ife tikapatsidwa mutu ngati umenewu timathamangira kulemba za chiyembekezo ndi kubadwanso tisanayang'ane n'komwe kuti mthunzi uli ndi mtundu wanji, ndipo ndikupempha kuti pa zokambirana zathu zikubwerazi tidzachiike chithunzichi patsogolo.

Pomaliza, okonza msonkhano apempha gulu lililonse kuti litumize ntchito za mamembala ake, zojambula kapena ndakatulo, zokhudza mwezi umodzi wa pa chaka, kuti adzazionetse pamodzi. Sindinalonjeze kanthu m'dzina lanu. Akufuna yankho komiti ikangokumana, ndipo ngati tivomera tiyenera kugwirizana mwezi ndi kusankha munthu wosonkhanitsa ntchitozo. Zithunzi zonse ndatchulazi ndazipereka kwa mlembi, aliyense wofuna kuziona awafunse.

Ine wanu,
Nthumwi yanu