Kalata yochokera ku Tirupati

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tili bwino, kupatula miyendo. Ndikulemba ndili ku Tirupati, m'chigawo cha Andhra Pradesh kumwera kwa India, ndipo mutu wanga mukanauona mukanaseka mpaka misozi. Ndameta mpala.

Mukukumbuka nthawi ija bambo anagonekedwa m'chipatala, inu n'kumabwera kusitolo ku Limbe kudzandithandiza kutseka madzulo? Masiku amenewo amayi anachita lonjezo osauza munthu. Anauza Venkateswara, mulungu wa Ahindu amene ife a Chigujarati timamutchula Balaji, kuti mwamuna wanga akadzuka ndidzakwera phiri lanu wapansi ndipo ndidzakupatsani tsitsi langa. Bambo anadzukadi, monga mukudziwa. Kuyambira pamenepo amayi akhala osagona tulo tabwino, chifukwa kwa iwo lonjezo lotere ndi ngongole.

Kachisi wake ali pamwamba, pamalo otchedwa Tirumala, pakati pa mapiri asanu ndi awiri. Mabasi amakwera pafupipafupi, koma amayi anakana kumva za basi. Tinayambira pachipata cha Alipiri kusanache, nsapato titavula. Njirayo ili ndi masitepe 3,550 ndipo mbali yaikulu ili ndi denga. Chikwi choyamba ndi chachiwiri n'zimene zimathyola munthu, chifukwa n'chitunda chokhachokha mpaka kufika pansanja yotchedwa Gali Gopuram. Kuchoka apo njira imayamba kukumverani chisoni, ngakhale kuti chakumapeto kuli kachitunda kena komwe ena amakwera ndi mawondo mwadala.

Chimene chinandigwira mtima si kutalika kwa njira ayi, koma azimayi ena amene amawerama pa sitepe iliyonse, kupakapo ufa wachikasu ndi wofiira, wina pambuyo pake n'kuyatsapo kachidutswa ka kamfa. Iliyonse, achimwene, mpaka pamwamba. Masitepewo afiira ndi manja a anthu. Wina akatopa amangofuula kuti "Govinda!", dzina lina la mulunguyu, ndipo phiri lonse limayankha. Amayi, omwe kunyumba amadandaula bondo akangokwera masitepe a kusitolo, sanadandaule ngakhale kamodzi. Anangondiuza m'Chichewa kuti ndisiye kuwafunsa ngati atopa. Inde, kuno timayankhulana Chichewa tikafuna kuti oyandikana nafe asamve. Anthu akuno amayankhula Chitelugu, ndipo Chigujarati chathu sichitigulira ngakhale tiyi.

Pali chigawo china cha nkhalango pomwe alonda amakuimitsani kuti muyende m'magulu. Mu 2023 kambuku anapha kamtsikana panjira yomweyi, ndiye tsopano sachita nazo masewera.

Titafika tinalunjika ku Kalyanakatta, nyumba yometera. Amakupatsani lezala yatsopano, mumakhala pansi moyang'anizana ndi wometa, amakuthirani madzi pamutu, ndipo pakangopita mphindi zochepa zatha. Salipiritsa. Tsitsi la amayi mukulidziwa, lija lofika m'chiuno lomwe alongo anu ankakonda kulisirira. Linagwa lonse pansi iwo ali phee, maso otseka. Ine sindinalonjeze kanthu kwa wina aliyense, koma kuwaona atakhala okha pamenepo ndinangokhala pansi nanenso. Akuluakulu a kachisi amasonkhanitsa tsitsi limeneli, kulisankha potengera kutalika, n'kuligulitsa kwa amalonda amene amapangira mawigi. Ndiye alamu akadzagula lija amati la ku India, muwauze kuti mwina ndi la amayi.

Nkhani ya ndalama pano siibisika, ndipo ili ndi chiyambi chake. Amati Venkateswara atafuna kukwatira Padmavathi analibe chuma cha ukwati, choncho anakongola kwa Kubera, mwini chuma, ndipo mpaka lero akubwezabe chiwongoladzanja. Katapira weniweni, wosatha. Ndiye anthu amaponya zopereka m'chithumba chachikulu chotchedwa hundi pomuthandiza kubweza: ndalama, ndolo, mphete zaukwati, ena mpaka malipiro awo oyamba a pantchito. Ine monga mwana wa musitolo ndinayamba kuwerengera mumtima, ndipo ndinasiya. Koma ndinene chilungamo, ndalamazo zimaoneka kumene zikupita. Tsiku lililonse anthu zikwizikwi amadya mpunga ndi ndiwo kwaulere m'holo yaikulu, osafunsidwa dzina kapena mtundu. Katundu wathu anatikwezera pamwamba osatilipiritsa.

Kupereka kumeneku n'kwakale. Pamakoma a kachisi pali zolembedwa pamwala zofotokoza amene anapereka ndi zimene anapereka. Mfumukazi Samavai wa ufumu wa Pallava anapereka chifanizo chasiliva mu 966. Krishnadevaraya, mfumu ya Vijayanagara, anabwera kangapo ndipo mu 1517 anapereka golide wokutira nsanja ya pamwamba pa malo opatulika. Chifanizo chake chachitsulo chili pafupi ndi khomo, iye ndi akazi ake awiri, manja atawaphatikiza ngati wina aliyense wa pamzere. Ndinachikonda kuposa golideyo.

Za mzere sindinena zambiri. Amakutsekerani m'zipinda zazikulu zokhala ndi mabenchi, foni mwasiya kunja, amakubweretserani mkaka ndi chakudya, ndipo mumadikira mpaka mutasiya kufunsa nthawi. Patsiku wamba amalowa anthu oposa 60,000. Pali tikiti ya marupi 300 yofupikitsa kudikira, koma amayi anati ngongole sabweza mwachidule. Inu mukadzabwera mudzayenera kusaina pepala lonena kuti mumakhulupirira mulunguyu, chifukwa ndilo lamulo kwa amene si Ahindu. Ndikudziwa kale zomwe abusa anu anganene.

Kenako zitseko zimatseguka, khamu limakunyamulani, mumadutsa pakhomo lagolide, ndipo mwadzidzidzi mumalowa mumdima. Mulibe magetsi m'katimo, nyale za mafuta zokha. Patsogolo pataliko waima iyeyo, wamwala wakuda, wovala maluwa ndi miyala yonyezimira, maso ake ataphimbidwa pafupifupi onse ndi chizindikiro choyera cha pamphumi, dzanja lamanja likuloza kumapazi ake. Musanamalize n'komwe kuyang'ana, akukukokani kale paphewa kuti mupatse ena malo. Ine zinandipweteka. Ndinatuluka ndikung'ung'udza kuti ulendo wonse wochokera ku Chileka, masitepe onse aja, n'kungopatsidwa kanthawi kophethira kokha? Amayi anandiyang'ana modabwa. Iwo anali atamaliza zawo kalekale, pansi paja pa wometa. Kulowa m'kati kunali kungokadziwitsa mwini ngongole kuti zatheka. Usiku umenewo anagona mpaka ndinachita kuwadzutsa.

Potuluka amapatsa aliyense laddu, mpira wotsekemera wa ufa wa nandolo za kuno, mafuta a mkaka, shuga, mphesa zouma ndi mtedza wa kashu. Tinagula ena owonjezera oti tikagawire anthu a kukachisi kwathu ku Blantyre, koma ndikukayika ngati adzafike, popeza sakhalitsa ndipo tikadali ndi ulendo wa sitima wopita kwa amalume ku Gujarat. Anu ndadya kale.

Amayi akuti mupereke moni kwa alamu, ndipo akufunsa ngati mwana wamkulu uja wayamba kolejiyo. Mundiyankhe pa WhatsApp, nambala ndi yomwe ija. Chithunzi cha mpala ndikutumizirani, koma chisafike pagulu la anyamata a kusukulu.

Ndine,
mnzanu wa ku Limbe