Kuthokoza National Archives ku Zomba potisungira Hansard ya 1956

Kwa Mkulu wa National Archives of Malawi,
Zomba.

Bwana,

Ndalemba kalatayi pofuna kuthokoza inu ndi anzanu a m'chipinda chowerengeramo chifukwa cha mmene munandilandirira mwezi watha. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo ndinabwera ndi funso limene ndakhala nalo kuyambira ndili mnyamata: kodi m'nyumba ya malamulo ya Nyasaland, ija ankati Legislative Council, munkakhala yani mu 1956, nanga ankaitsogolera ndani?

Malemu bambo anga ankanena kuti chaka chimenecho Hansard, buku lolembedwamo zonse zokambidwa m'nyumba ya malamulo, inkakoma kuposa nyuzi. Ankabwerekana ndi anzawo, n'kumawerengerana mokweza pakhonde mpaka nyali kutha mafuta. Ine ndinkangoti ndi nkhani za achikulire basi. Koma mayi amene anandithandiza tsiku lija anandibweretsera mabuku enieniwo, mapepala atafiira ndi zaka, ndipo mayina asanu amene bambo ankawatchula pamtima ndinawaona ndi maso angawa: a Henry Masauko Chipembere, a Kanyama Chiume, a Ralph Chinyama, a N. D. Kwenje ndi a Dunstan Chijozi.

Anthu asanuwa sanasankhidwe ndi mtundu wonse ayi. Anawasankha ndi makhonsolo a m'zigawo, m'mene munali mafumu ambiri, ndipo boma liyenera kuti linkayembekezera anthu ofatsa, ovomereza zilizonse. Linalemba m'madzi. A Chipembere anali ndi zaka 25 zokha, koma iwo ndi a Chiume ankafunsa mafunso olasa, kutsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene anatikakamiza mu 1953, pamaso pa azungu amene anali ochuluka m'nyumbamo.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi cha mpando. Sipikala anadzabwera pambuyo pake. Mu 1956 wotsogolera zokambirana anali bwanamkubwa mwiniwake. Ndiye kuti anyamatawa ankadzudzula boma mutu wa bomalo utakhala pompo, ukuwayang'ana. Sir Robert Armitage, bwanamkubwa amene anafika chaka chomwecho, ndi yemwe anadzalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti (State of Emergency) pa 3 Malichi 1959, a Chipembere n'kukatsekeredwa kundende ya ku Gwelo, ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe). Ndinakhala kaye chete ndisanatsegule tsamba lina.

Mayiwo anandikumbutsanso za a Muwamba ndi a Mposa, Aafirika oyamba kulowa m'nyumbayi mu 1949, patatha zaka zoposa 40 chiikhazikitsire mu 1907. Kunena zoona, amenewa ndinali nditawaiwala, ngakhale ndinaphunzitsa mbiri zaka zambiri.

Chonde mundiperekere zikomo kwa mayi amenewa, ndi kwa onse amene amateteza mabukuwa ku chiswe ndi chinyezi cha ku Zomba. Patchuthi chikubwerachi ndibweranso ndi adzukulu anga awiri, kuti adzawerenge okha masamba amene agogo awo aakulu ankawerenga pakhonde.

Ine wanu woyamika,
Mphunzitsi wopuma pantchito, wa ku Mangochi