Lipoti la ulendo wa ku FOSDEM, Brussels

Akuluakulu a komiti ndi anzanga nonse, ndabwerako bwino ku FOSDEM, msonkhano waukulu wa opanga mapulogalamu a kompyuta aulere ndi otseguka kwa aliyense. Malisiti a sitima yochokera ku London ndi a malo ogona ndatumiza kale kwa msungichuma. Polowa salipiritsa, ndiye musafunefune lisiti lake. Tinali pa yunivesite ya ULB masiku awiri, kuzizira kolowa m'mafupa.

Zokambirana za malaisensi a mapulogalamu ndinakhalapo, koma ndi zomwe timazidziwa kale. Chimene chinandigwira mtima ndi macheza a Lamlungu masana, pa za malipoti a bug (zolakwika za mu pulogalamu) amene agonera popanda woyankha.

Ambiri pa GitHub, tsamba losungirapo mapulogalamu ndi malipoti ake, amasiyira ntchitoyi loboti yotchedwa actions/stale. Ngati simunaisinthe, lipoti likakhala chete masiku 60 imaliika chizindikiro, pakatha masiku 7 ena n'kulitseka. A Kubernetes, opanga pulogalamu ina yaikulu, amaleza mtima: masiku 90, kenako 30, kenako 30 enanso lipoti lisanatsekedwe, ndipo wina akalembapo lamulo lakuti /lifecycle frozen lipotilo silikhudzidwanso. Koma ine ndakopeka ndi njira ya Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, pa tsamba lake la malipoti la Launchpad. Kumeneko lipoti lotha lokha pakapita masiku 60 ndi lomwe laikidwa kuti Incomplete, ndiye kuti wodandaula anafunsidwa funso koma sanayankhe. Ngati amene akhala chete ndi eni pulogalamu, lipoti limadikirabe.

Nanga ife? Mlembi wa banki mkhonde ku Ntchisi akaona kuti pulogalamu yathu yasokoneza masamu, amajambula foni yake, kutumiza pa WhatsApp kwa mlangizi, mlangiziyo n'kulemba pa GitHub tsiku limene wapeza bandulo. Loboti ija, yomwe inayatsidwanso kwa ife, ikubwera ndi Chingerezi chake kuti yankhani pasanathe sabata. Ayankhe ndani, munthu ali kumunda?

Pepani, ndinene pomwepa. Lipoti langa la chiwongoladzanja chomwe chimasiyana ndi cha m'kaundula linatsekedwa ndi loboti imeneyi, palibe ndi mmodzi yemwe analiwerenga. Nkhani yoiyatsa sinabwere ku komiti. Amene munaiyatsa mukudzidziwa. Pamsonkhano wapachaka tinaomba m'manja kuti malipoti achepa, pamene amayi a banki mkhonde akuwerengabe ndi cholembera.

Pempho langa: loboti izitseka okhawo amene tafunsa funso osayankhidwa, uthenga wake ukhale m'Chichewa, ndipo mwezi uliwonse anthu awiri azikhala pansi kusefa malipoti akale. Mwezi woyamba ndiyamba ineyo. Langa lija ndalitsegulanso dzulo usiku.

A msungichuma, alawansi inaperewera usiku umodzi, ndinalipira za m'thumba.