Usasiye Chifalansa chako, mnzanga

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira ukupirira ndi chisanu cha ku Lyon. Kuno tonse tili bwino, ndipo mayi akupereka moni.

Uthenga wako uja wandisowetsa mtendere. Ukuti abale akukunyoza kuti digiri ya mabuku a Chifalansa sidyetsa munthu, ndiye wayamba kuganiza zosiya. Usanatero, tamva za mlembi Alain Mabanckou.

Bamboyu anabadwa mu 1966 ndipo anakulira ku Pointe-Noire, ku Congo-Brazzaville, mwana yekhayo wa mayi wogulitsa pamsika. Anaphunzira zamalamulo ku Brazzaville ndi ku Paris, n'kugwira ntchito zaka pafupifupi 10 pakampani ya Suez-Lyonnaise des Eaux, koma cholembera sanachitaye. Mu 2002 anayamba kuphunzitsa ku University of Michigan, kenako anasamukira ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, komwe ndi pulofesa.

Buku lake la Mémoires de porc-épic linapata mphoto ya Renaudot mu 2006. Ukudziwa wofotokoza nkhani m'menemo? Ndi nungu! Yakhala patsinde pa mlambe, ikuulula anthu amene inapha potumidwa ndi mbuye wake. Ndikamawerenga ndimangomva ngati agogo akutiimbira nthano madzulo. Zinthu zomwe ife timachita nazo manyazi kuzitchula m'kalasi, iye anazilemba m'Chifalansa ndipo Paris inamuombera m'manja.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mpando wa uphunzitsi anayamba kuupeza ku America, osati ku France. Kwa nthawi yaitali Afalansa ankaika alembi a ku Africa ndi ku Caribbean pashelefu yawoyawo, ngati alendo m'chilankhulo chomwe atsamunda anawakakamiza okha. N'chifukwa chake mu 2007 iye ndi anzake, alembi 44 onse pamodzi, anasainira chikalata m'nyuzipepala ya Le Monde chokana tsankho limeneli. Mu Malichi 2016 anaima ku Collège de France, sukulu yokhazikitsidwa mu 1530, n'kuphunzitsa za zolemba za anthu akuda. Ndipo mu 2018, Pulezidenti Macron atamuitana kuti athandize pa ntchito yotukula Chifalansa, anakana poyera, ponena kuti France ikulekerera atsogoleri ankhanza m'mayiko a mu Africa olankhula chilankhulochi. Pamenepo ndiye ndinamuvulira chipewa.

Sindikunena kuti nawenso ukathera ku Los Angeles ayi. Ine ndikufuna ubwere kuno. Ana athu ophunzira Chifalansa kusekondale akufunika munthu wowauza kuti alembi akuda olemba m'Chifalansa monga Senghor, Césaire ndi Mariama Bâ ndi awo omwe.

Maliza kafukufuku wakoyo, chonde. Unditumizire mutu woyamba pa WhatsApp, ndiuwerenga Loweruka.

Ndine mnzako wapamtima.